Chigawenga Chimene Ndinachipatsa Dzina la a Daka

Ana anga, mutu uno ndaulemba kawili, kawili konse n'kung'amba. Amai anu ati ndikang'ambanso ndikadzigulile ndekha buku lina, choncho uno ukhala. M'mitu yapitayi ndadzitama mokwanila, koma muno mulibe chodzitamila. Mudziwa kuti anthu a ku Petauke ndi ku Nyimba amanditcha a Kanema mpaka lelo, ndipo mumanyadila mukamva dzinalo m'basi. Chimene simudziwa ndi zimene pakamwa panga panachita kwa a Yotamu Daka a ku Kacholola, munthu amene sanandilakwile kalikonse.

Chaka choyamba, Petauke

Ndinalowa nchito ku kampani yogula thonje ngati dalaiva chabe. Bwana wanga anali a Chanda, Mbemba wochokela kumpoto, wamfupi, wosaseka pa nchito, amene anali kunditcha "Ba Mwale" ngakhale pondikalipila. Patapita miyezi itatu anandiitana mu ofesi n'kundionetsa katundu pakona: tivi, deki yoikamo makaseti a vidiyo, kajeneleta, ndi maikolofoni yolumikiza ku sipika yaikulu imene anali ataimangilila pa denga la vani. "Ba Mwale, mumalankhula kwambili," anatelo. "Tsopano pakamwa panupo pagwile nchito ya kampani." Anandipatsa makaseti atatu. Ina inali ya kubyala thonje m'mizele, ina ya kupopela mankhwala, ina ya kusankha thonje loyela ndi lakuda. Onse anali m'Chingelezi, ndiye ine ndinali kutsitsa mau a tivi n'kumafotokoza m'Chinyanja, apa ndi apo kuponyamo Chinsenga changa chopotoka kuti azimai aseke.

Kanema tinali kuonetsa masana, m'mashedi a thonje, titatseka mazenela ndi masaka. Madzulo sikunali kotheka, chifukwa kumadela ngati Luembe munthu afunika kufika pakhomo dzuwa lisanalowe, kuopa njovu. Mavuto anali osatha. Petulo wa jeneleta anali kubwela mwa apo ndi apo, mwakuti nthawi zina ndinali kuyamwa wa m'vani ndi paipi, tsiku lonse pakamwa n'kumanunkha. Deki nayo ikatentha inali kutafuna kaseti, ine n'kumakulunga tepi ndi chala, thukuta kamukamu, anthu akundiyang'ana. Ulendo woyamba shedi inadzaza mpaka ena kukwela pa mabelo a thonje. Wachiwili anabwela theka. Wachitatu, kufupi ndi Minga, ndinaonetsa kupopela mankhwala kwa madala anai, ndipo awili anagona. A Chanda atamva anangoti, "Ngati anthu sabwela, vani ibwelele ku yadi, inu mukanyamule mabelo." Zinandiwawa zedi. Ndinali nditangokwatila amai anu, ndipo dzina la a Kanema linali litayamba kundikomela.

Chaka chachiwili, m'midzi

Amene anandipulumutsa, kapena ndinene kuti anandigwetsa, anali dalaiva wina wa lole wa ku Lusaka amene ndinamuthandiza kusintha thayala pa Nyimba. Pothokoza anandisiyila kaseti ya makauboyi. Ha! Ndinali ndisanaonepo zotele. Azungu pa akavalo, zipewa zazikulu, fumbi lokhalokha, tauni ya msewu umodzi yopanda ndi munda womwe, osadziwa kuti amadya chiyani anthu aja. Munthu akangoyang'ana mnzake molakwika, mfuti phaa, wagwa. Munali chigawenga china chachitali, cha chipewa chakuda, chimene chinali kuimitsa ngolo pamsewu wa m'mapili, kupha oyendetsa n'kulanda katundu. Kumapeto anthu a m'tauni anachigwila, kuchimanga chingwe n'kuchikoka m'fumbi mpaka pa mtengo.

Ndinafunsa a Chanda mochenjela ngati tingaonetseko zina zosangalatsa anthu. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Kampani sinakutumeni kukaphunzitsa alimi kuphana. Ndikapeza kaseti ya mfuti m'vani muja, nchito yatha tsiku lomwelo." Ndinati chabwino bwana, n'kukabisa kaseti ija m'thumba la mbeu pansi pa mpando. Njila yanga inali yakuti phunzilo la thonje liyambe, chitseko chitsekedwe, makauboyi abwele pambuyo. Wochedwa sanali kulowa, kaya akhale ndani. Mashedi anayambanso kudzaza, ndipo a Chanda analembela akuluakulu ao kuti alimi a kuno akonda maphunzilo koopsa.

Kunena zoona, Chingelezi cha makauboyi sindinali kuchimva. Amalankhulila m'mphuno anthu aja. Ndiye ndinali kungopeka. Tauni ndinaitcha Sinda, mtsinje ndinautcha Luangwa, wapolisi wa nyenyezi pachifuwa ndinamutcha a Mesenjala. Kauboyi akalowa mu bala n'kung'ung'udza zake, ine ndinali kunena kuti wafunsa ngati kachasu wafika. Anthu anali kufa nako kuseka. Azimai anali kukuwa, "Ali kumbuyo kwako, iwe!" amuna n'kumawelenga mitembo mokweza. Makaseti anafika asanu, onse a kuphana, ndipo ndisaname, ine ndinali kuwakonda kuposa aliyense. Ku Luembe amai ena achikulile anandigwila dzanja potuluka n'kufunsa kuti, "A Kanema, anthu onse aja afa, malilo ao alila ndani? Alibe abale?" Ndinaseka mpaka misozi, n'kuwauza kuti ndi sewelo chabe. Anapukusa mutu n'kupita, ndipo sindinawaonenso ku kanema.

Chaka chachinai, Kacholola

Kampani itatsegula depo ku Nyimba ananditumiza kumeneko. A Chanda anatsala ku Petauke, kumabwela kamodzi pamwezi kudzayendela. Ufulu unandikulila. Ku Kacholola ndinali kupitako kawilikawili, chifukwa anthu a pamsewu waukulu sachedwa kusonkhana ndipo amadziwa kuseka.

A Yotamu Daka anali mlimi wa thonje komanso woweta njuchi. Anali ndi ming'oma yambili m'mitengo ya kuseli kwa phili, ndipo uchi wao anali kuugulitsa m'mabotolo kwa anthu a m'mabasi. Anali munthu wamtali, wosalankhulalankhula, wovala chipewa chakuda chachikulu chimene anali kumangililapo kaneti popita ku njuchi. Tsiku lina nditamaliza phunzilo la kupopela, anaimilila pakati pa shedi, chipewa chili m'manja.

"A Kanema, ndifunseko. Mwati tizipopela m'mawa dzuwa litatuluka. Nthawi imeneyo njuchi zimakhala pa maluwa a thonje. Newo ndataya ming'oma isanu chaka chino. Kodi sitingapopele madzulo njuchi zitalowa?"

Funso labwinobwino, lofunsidwa mwaulemu. Yankho ndinalibe, chifukwa za mankhwala ndinali kudziwa zokhazo za m'kaseti. Ndinayamba kuzungulilazungulila, wina kumbuyo n'kukuwa kuti, "A Kanema agwidwa lelo!" Shedi yonse inaseka. Ine wozolowela kuseketsa anthu, lelo akuseka ine! Mtima unapsa, koma ndinamwetulila n'kuika kaseti ya makauboyi. Chigawenga cha chipewa chakuda chitangotulukila pa kavalo, ndinagwila maikolofoni n'kunena kuti, "Taonani abale, a Yotamu Daka afika! Njuchi zawatopetsa, lelo afuna ngolo za anthu!" Shedi inagwedezeka. Anthu anali kuloza tivi, kuloza a Daka, kugwila m'mimba. Chikaombela munthu, ine, "A Daka aphanso wina!" Kumapeto, pokokedwa ndi chingwe paja, ndinayambitsa kanyimbo kakuti, "Kokani, kokani, Daka wagwidwa!" anthu n'kumavomela akuomba m'manja. Nditayang'ana pamene anakhala a Daka, anali atatuluka kale.

Likanakhala tsiku limodzi lokha, bwenzi ndikuti unali mkwiyo. Koma nthabwala inakoma, ndipo ndinainyamula m'vani. Ku Luembe, ku Minga, ku Nyimba pa boma, konsekonse chigawenga chija chinali Yotamu Daka wa ku Kacholola. Ndikaika kaseti ina, wakupha wa mmenemo nayenso anali Daka. Anthu amene sanawaonepo a Daka anadziwa dzina lao, mudzi wao ndi chipewa chao. A m'mabasi ena anayamba kulozelana kuti, "Ndi uyu Daka wake?" n'kutseka zenela uchi osagula.

Patapita miyezi anandipeza pa depo ku Nyimba ndikutsuka vani. Anabwela pa njinga mtunda wonse uja, chipewa atachisiya kunyumba, dzuwa litawaotcha pamutu.

"Bambo Mwale, ndabwela kudzapempha. Lekani kutchula dzina langa mu filimu."

"Aa, a Daka, ndi masewela chabe aja. Ndani sadziwa kuti uja ndi mzungu?"

"Adziwa kuti ndi mzungu. Koma ati a Kanema ayenda kwambili, sangatchule munthu popanda chifukwa. Ati pali chimene mudziwa. Ku chechi andilanda makiyi amene ndasunga zaka zonsezi. Mwana wanga Tisa ku sukulu anzake amuthawa."

Manyazi ndinawamva, koma anzanga a pa depo anali pomwepo akumvetsela, ndiye ndinayankha mwachipongwe kuti ndiganizapo. Anakwela njinga yao n'kupita. Loweluka lotsatila ndinayesadi kutcha chigawengacho dzina lina, koma anthu anakuwa kuti, "Iyai, ni Daka uyo!" Ndinaseka nao n'kupitiliza.

Chaka chachisanu, nyengo yogula thonje

Kumapili a pakati pa Kacholola ndi mlatho wa Luangwa kunaphedwa dalaiva wa lole. Akawalala anaunjika miyala pamsewu pokwela chitunda, lole itaima anamuombela n'kutsitsa katundu. Mai wina wochokela kumunda madzulo anati anaona chapatali munthu wamtali wovala chipewa. Basi, zinakwanila pomwepo.

M'mawa mwake ndinali kupita ku Kacholola ndi a Chanda, amene anabwela kudzaona masikelo. Anakhala kutsogolo pambali panga, pamwamba penipeni pa thumba la makaseti anga. Titafika pa msika tinapeza msewu wadzaza anthu, ndipo ndinachepetsa liwilo. Pakati pa gulu panali munthu pansi, atamangidwa m'manja ndi m'chiuno ndi chingwe cha ng'ombe, ena akukoka, ena akumenya ndi mitengo yozula pa tumisasa ta malonda. Malaya anali atang'ambika, magazi akutuluka m'makutu. Ndipo anali kuimba, ana anga. "Kokani, kokani, Daka wagwidwa!" Mau anga, kaimbidwe kanga, osasintha ngakhale pang'ono.

Amai Daka anali kuthamanga uku ndi uku, chitenje chitamasuka, kugwila anthu miyendo. Ataona vani anathamangila ku zenela langa n'kugwila chitseko ndi manja awili.

"A Kanema! Auzeni! Tengani cholankhulila chanu muwauze kuti munali kuseka chabe! Amuna anga anagona m'nyumba, sanapite kulikonse. Mwewo akumvelani!"

Ananena zoona. Sipika inali pa denga, maikolofoni inali pafupi ndi giya, dzanja langa likanangotambasuka. Sipika ija inali kumveka mpaka kutsidya kwa dambo, ndipo anthu aja anali kukhulupilila chilichonse chotuluka mmenemo. Mau khumi akanakwana. Koma kuti ndinene kuti za Daka ndinazipeka ine mu filimu ya makauboyi, ndinafunika kunena a Chanda ali pomwepo. Nchito, nyumba ya kampani, amai anu amene anali ndi pakati pa iwe Esinati, zonsezi zinadutsa m'mutu mwanga. Panalinso mantha akuti gulu likatembenuka, chingwe chija chifika kwa ine.

"Ba Mwale, akuti chiyani mai uyu? Mumudziwa munthu uyo?" anafunsa a Chanda.

"Sindimudziwa, bwana. Ati ndi kawalala."

"Ndiye musaime apa. Thamangani tikaitane apolisi asanamuphe."

Ndinachotsa zala za amai Daka pa chitseko, chimodzichimodzi, n'kuponda mafuta. Apolisi tinawapeza chapafupi akuimitsa magalimoto, ndipo anafika munthu akali kupuma. A Chanda anandiyamikila kuti ndinayendetsa mwachangu. Masikelo tinawaona masana omwewo, ine nditanyamula miyala ya sikelo. Mwina ndikanalankhula akanandichotsa nchito, mwinanso akanandisiya, pakuti anali munthu wouma koma wachilungamo. Sindidzadziwa, chifukwa sindinawapatse mpata. Amene anakumbuka zopulumutsa a Daka tsiku lija anali mlendo wa kumpoto, osati ine amene ndinawaika pa chingwe.

A Daka anagona m'chipatala milungu ingapo, kenako anakhala m'ndende miyezi yambili kudikila mlandu. Akawalala enieni anagwidwa kwina akuchitanso zomwezo, ndipo a Daka anamasulidwa. Pobwelela anapeza ming'oma yao yonse itatenthedwa. Anasamukila kwao kwa akazi ao ku Luembe. Ine makaseti ndinawaponya m'chimbudzi cha pa depo, n'kupempha kuti andibwezele ku Petauke, ati chifukwa cha malungo a ku Nyimba. Ndinagwila nchito zaka zina zambili ndipo ndinakwezedwa kawili. A Chanda popuma nchito ananena pa phwando kuti sanaonepo wanchito wokhulupilika ngati Mwale, ine n'kuimilila, kuwelama, anthu akuomba m'manja. Vani ikafunika kupita ku Luembe ndinali kudwala.

Chaka chachitatu nditapuma, Luembe

Amai anu ndinawauza nkhaniyi nditapuma kale nchito. Ndinayembekeza kuti alila kapena andikalipila. Anangoika pansi zimene anali kusoka n'kufunsa kuti, "Nanga mudikila chiyani, malilo ao?" Ndinazengelezabe zaka ziwili, kunamizila miyendo, kunamizila msewu. Sabata yakuti Khisimasi ili pafupi anandiika okha m'basi ya ku Nyimba, ndipo kuchoka apo ndinakwela kanjinga kamoto. Ndinafunsa m'midzi itatu. M'mudzi wachitatu bambo wina wa pa chigayo anati, "Mufuna a Daka aja a mfuti?" n'kundilozela njila. Zaka zonsezi, abale, dzina lija likali moyo! Ndinafuna kumuuza kuti a Daka sanagwilepo mfuti, koma ndinangothokoza n'kupita.

Ndinawapeza pansi pa mtengo wa mango, atakhala pa kampando, akupalasa mpini wa khasu ndi kampeni. Tsitsi linali mbuu, dzanja lamanzele litapindika. Amai Daka anatuluka kuseli kwa nyumba, ndipo anandizindikila nthawi yomweyo. "A Kanema," anatelo. Dzanja sanandipatse, koma mpando anandipatsa.

Mpando sindinakhalepo. Ndinagwada patsogolo pa a Daka n'kuyamba mau amene ndinawakonza m'basi njila yonse. Ndinanena zonse, za funso la njuchi, za mkwiyo wanga, za kanyimbo, za tsiku lija ndinawakana pamaso pa bwana. Ndinalila ngati mwana, mamina ndi misozi, osasamala. A Daka anasiya kupalasa, akumwetulila, akugwedeza mutu pang'onopang'ono. Mumtima ndinati Mulungu ndi wabwino, munthu uyu wandikhululukila.

"Musadzivute, bambo," anatelo amai Daka kumbuyo kwanga. "Samva. Kuyambila tsiku lija makutu onse awili anatseka. Lomba masiku ano ndi maso omwe achita nkhungu. Sakudziwani."

Ndinakhala pansi m'fumbi. "Ndiwalembele pa pepala?"

"Aona bwanji?"

"Ndiye auzeniko inu, amai. Inu mudziwa molankhulila nao."

"Newo ndimawagwila dzanja kuwauza kuti chakudya chapsa, kuti mvula ibwela, kuti kwafika mlendo. Izi zanuzi sindidziwa kuti ndingazinene bwanji ndi manja." Kenako anaonjeza kuti, "Tsiku lija anali kumva. Kacholola yonse inali kumva."

A Daka anatambasula dzanja labwino lija n'kundipapasa paphewa, napeza jekete yanga ya ku chechi. Analankhula mokweza, mmene amachitila anthu osamva.

"Mlendo wachokela kutali uyu, wavala bwino. Amake Tisa, mlendo asabwelele chimanjamanja. Mugwileni tambala wofiila uja."

Nkhuku pakhomopo zinali zinai chabe, ndinaziona ndekha. Amai Daka, ndi ukalamba wao, anathamangitsa tambala uja kuzungulila nkhokwe mpaka kumugwila, anamumanga miyendo ndi luzi n'kumuika pa miyendo ya amuna ao. A Daka anamunyamula n'kumutambasulila kumene anaganiza kuti ndili. Ndinabweza manja kumbuyo n'kunena kuti iyai, sindingathe.

"Landilani," anatelo amai Daka motsitsa mau. "Kukana mphatso ya munthu pakhomo pake ndi chipongwe, ndipo chipongwe chanu chinakwana kale."

Ndinaomba m'manja n'kulandila ndi manja awili. A Daka anakondwela kwambili. "Mubwelenso, bambo," anakuwa. "Kuno alendo safikafika."

Tambala ameneyo ndi uja munadya pa Khisimasi ija munabwela nonse ndi adzukulu, uja iwe Esinati unati ndi wonona ndipo unafunsa kumene ndinamupeza. Ndinakuuzani kuti ndinagula pa Nyimba, ndi kuti ine sindidyako chifukwa cha mano. Mano anga analibe vuto. A Daka anamwalila mvula ya chaka chomwecho isanathe, akudziwa kuti anacheleza mlendo wabwino.